Firiji Yomwe Inasiya Kulira

Galimoto yotenga anthu kupita nawo kundende imanyamuka 4 koloko, ndipo siidziwa kudikira. Sajeni anali ataiona ikutuluka pageti la polisi kwa zaka makumi awiri osamva kanthu mumtima. Koma tsiku limeneli maso ake sankachoka pa wotchi ya pamkono, ngati kuti akaiyang'anitsitsa ichita manyazi n'kuima.

Inali itangokwana 10 koloko. M'chitolokosi cha amayi munali mayi wachitsikana, wolemba mapulogalamu a kompyuta ku labu yoyeza madzi akumwa. Anzake a kuntchito ankamutcha Kachete, ndipo apolisi sanachedwe kudziwa chifukwa chake. Masiku awiri akumupanikiza ndi mafunso, mawu omwe anatulutsa ukanatha kuwawerenga ndi zala.

Mlandu wake unali wolemera. Ana a mabanja omwe amamwa pachitsime nambala 14, kumunsi kwa fakitale yofufuta zikopa, anadwala motsatizana, ndipo kamtsikana ka zaka zinayi kanamwalira. Madokotala atatumiza madziwo kwina anapezamo mankhwala a kufakitale. Komabe zikalata za labu zinkati madzi a pachitsimepo ndi abwino. Makina oyezera amalavula timapepala ta manambala, ndipo timapepalato tinkanena zoona, kuti poizoni wapyola malire. Bodza linkalowa pakati pa makina ndi chikalata. Pakatipo panali pulogalamu yomwe Kachete analemba, ndi siginecha yake pansi pa chikalatacho.

Sajeni anakhala pabenchi moyang'anana naye. Bulawuzi ya Kachete inali itanyowa pachifuwa. Kunja kwa geti apongozi ake ankayendayenda ndi mwana wa miyezi isanu ndi iwiri, kamwana kowonda komwe kankalira mosasa mawu. Mayi akakwera galimoto ija, mlandu wotere umatha zaka ziwiri usanalowe m'khoti, ndipo Sajeni ankakayika ngati kamwanako kali ndi zaka ziwiri zodikira.

"Munasintha manambala?" anafunsa Sajeni.

"Ayi."

"Nanga anasintha ndani?"

Kachete anayang'ana zala zake.

"Tamverani, mwana wanga. Akatswiri awiri awerenga pulogalamu yanu mzere ndi mzere. Akuti ilibe banga. Ndiye abwana anga akuti ngati pulogalamu ili bwino, munthu anasintha ndi manja, ndipo munthuyo ndinu."

"Anaiwerenga itagona," anatero Kachete motsitsa mawu.

"Mwati chiyani?"

Koma iye anali ataluma kale mlomo, ngati munthu yemwe watulutsa chomwe sanafune. Sajeni anawaona anthu ambiri okhala chete. Wolakwa amakhala chete maso ali pachitseko. Uyu maso ake anali pansi, ndipo mantha ake sanali oopa apolisi. Ankabisa munthu.

Sajeni ananyamula chikwama chake, n'kutuluka mwamsanga.

* * *

Mkulu wa labu anali bambo wa jekete loyera lositidwa bwino, wokonda mawu aatali. Anamulandira Sajeni ataimirira, kuti adziwe kuti sakhalitsa.

"Amayi, bungwe lino lakhumudwa kwambiri, ndipo tapereka kale zonse zofunikira kwa akuluakulu anu."

"Bodzali linayamba liti?"

"Malinga ndi umboni womwe ulipo, miyezi itatu yapitayi."

"Miyezi itatu? Isanafike pamenepo zinali bwino?"

Mkuluyo anakonza tayi. "Timapepala ta makina timasunga miyezi itatu yokha, kenako timatentha. Ndi ndondomeko."

"Ndiye simukudziwa kuti linayamba liti. Mukudziwa kuti timapepala tanu tinathera pati."

"Mungathe kunena choncho."

"Ndanena kale. Ndani winanso amagwira pulogalamuyi?"

"A Pulofesa. Koma iwo ayi, amayi. Labu ino anaimanga ndi mutu wawo. Komanso mtsikanayu ndi mwana wa mlongo wawo. Anamulera okha makolo ake atamwalira, anamuphunzitsa okha kompyuta, ntchito ino anamupezera ndi iwo. Akumva kuwawa kuposa tonsefe."

Sajeni analemba mawu amodzi m'kabuku kake: amalume. Anawalemba mzere pansi.

* * *

A Pulofesa sanaphunzitsepo payunivesite iliyonse. Dzinali anapatsidwa chifukwa ukawafunsa nthawi amayamba n'kukufotokozera mmene wotchi imayendera. Chipinda chawo chinali kumapeto kwa khonde, chodzaza ndi mawaya ndi mabuku. Pakhoma anamatapo pepala lolembedwa zilembo zazikulu: USALEMBE CHINTHU KAWIRI. Patebulo panali chithunzi cha mwamuna wa ovolosi ndi chisoti chachikasu, wofanana nawo mphuno.

"Mwana ameneyu wandichititsa manyazi," anatero akupukusa mutu. "Ndinamulera ngati wanga. Koma ana amakono, a Sajeni, mtima wawo sungaudziwe."

Sajeni ankadziwa kuti munthu wotere sumufunsa, umamuyamikira. Anakhala pansi n'kuika chikwama pamiyendo ngati mwana wa sukulu.

"Ine za makompyutazi ndine mbuli, bambo. Akuti zonse muno munapanga ndinu. Zimayenda bwanji?"

Nkhope yachisoni ija inasungunuka pomwepo. A Pulofesa anakoka mpando.

"Eya, mwafunsa bwino. Pulogalamu imalembedwa m'ndime. Ndime iliyonse ili ndi dzina ndi ntchito yake. Ya mtsikanayu imatchedwa kuti yeza: imalandira muyezo, n'kuona ngati wapyola malire. Tsono ziyankhulo zina za kompyuta zili ngati mlonda wovuta wa pageti. Aliyense wolowa aonetse chiphaso, ndiwe yani, wachokera kuti. Chomwe timagwiritsa ntchito kunochi sichifunsa zimenezo. Chinthu chikangokhala ndi nambala ndi muyezo, chimati lowani. Kaya ndi chitsime, kaya ndi thanki, kaya ndi ng'anjo, kwa icho onsewo ndi alendo amodzi."

"Sichisokoneza?"

"Chimasokoneza mbuli," anaseka. "Pepani, sindikunena inu. Ine nditabwera ndinapeza ndime makumi anayi zofanana, chilichonse yakeyake. Uchitsiru. Ndinalemba imodzi yokha yomwe mmawa uliwonse, kompyuta ikamadzuka, imabereka zinazo. Pulogalamu yolemba pulogalamu inzake, amayi! Ingathe ngakhale kuchotsa ndime yakale n'kuikapo ina ya dzina lomwelo, ntchito ili mkati. Zili ngati kusintha tayala galimoto ikuyenda."

"Ikamadzuka," anabwereza Sajeni. Nkhope anaisiya ili yachimbuli. "Ndiye kuti yogona ndi yodzuka zingathe kusiyana? Munthu n'kuwerenga zolembedwa, koma zomwe zikugwira ntchito zili zina?"

A Pulofesa anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya malaya, ndipo anawapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

"M'mabuku, inde. Kuno ayi."

Wotchi ya pakhoma inalira 12 koloko. Iwo anawerama n'kukoka kabokosi kabuluu ka ayezi pansi pa tebulo. Munali timabotolo tiwiri ta mankhwala ndi jakisoni, malo ena onse ali opanda kanthu.

"Shuga," anatero. "Mundikhululukire, nthawi yake ndi ino. Mankhwalawa akangofunda ndiye kuti aonongeka."

"Mumanyamula ayezi tsiku lililonse? Labu yonseyi mafiriji mbwee?"

"Mafiriji ndi a ntchito."

"Pakhondepa ndaona ina yolembedwa kuti ya ogwira ntchito."

"Ili kutali," anayankha mwachidule.

Potuluka Sajeni anawerenga mapazi. Kuchokera pachitseko cha a Pulofesa kukafika pafirijiyo anali mapazi asanu ndi anayi. Pachitseko chake panali chomata cha nambala, monga zinalili pa chipangizo chilichonse m'labumo. Sajeni anaima, n'kuiyang'ana nambalayo kawiri.

Inali 14.

* * *

Foni inalira m'chikwama. Anali abwana ake a kupolisi.

"Sajeni, muli kuti? Mapepala a mayi uja ndasaina kale."

"Ndipatseni mpaka 3 koloko, bwana."

"Mlanduwu unatha dzulo. Anthu akufuna kuona munthu atamangidwa. Mukufufuzanso chiyani?"

"Firiji, bwana."

"Mwadya koma lero?"

Sanadye, ndipo analibe nazo ntchito. Ankayenda uku ndi uku pakhondepo, nsapato zikulira pasimenti. Chitsime 14, firiji 14. Mwina zangochitika. Nambala si mlandu, ndipo woweruza angamuseke mpaka misozi. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma akuluwo analibe galimoto yonyamuka 4 koloko.

"Mudzaboola simenti, amayi apolisi. Ndangokolopa kumene pamenepo."

Wolankhulayo anali mayi wonenepa wa mpango wofiira, atatsamira mopu. Anthu a m'labumo ankawatcha mayi Wailesi, ndipo Sajeni anazindikira msanga kuti wailesi imeneyi batani lozimitsira inalibe.

"Firiji iyi mumaidziwa?"

"Iyi? Mdani wanga uyu! Ine ndi iyeyu takhala tikukangana zaka zisanu. Kale inkalira, amayi. Dzuwa likangotentha masana, piii piii, ngati mwana wanjala. Munthu wasiya chitseko pang'ono, piii. Magetsi aphethira, piii. Ine ndimathamanga ndi mopu kukaitseka, abwana akukalipa ngati ndaiswa ndine. Ndiye tsiku lina inangoti zii. Mpaka lero. Ndinati Ambuye mwandimva."

"Anaikonza?"

"Akonze ndani? Kuno babu ikapsa timadikira chaka. Inangosiya yokha. Komatu chisiyireni kulira, mkaka wanga wa tiyi sukhalitsa. Ndikaika Lolemba, Lachiwiri wasasa. Ndinakawauza a kusitolo oyang'anira zipangizo za muno, anabwera, anayang'ana pasikirini apo, akuti mayi, kompyuta ikuti 7, malire ndi 8, firiji ili bwinobwino, mkaka wanuwo mumagula wotsika mtengo. Ine! Ndinangoti chabwino, ophunzira ndinu."

"Inasiya liti kulira? Ganizani bwino."

"Ndiganizirenji? Ndi sabata yomwe Kachete anachira. Anabereka Lachitatu, ife tinapita kukaona mwana Lachisanu, ndiye m'basi ndinkawauza anzanga kuti taonani, kwabadwa wolira wina, wakale wapuma. Tinaseka mpaka kondakitala anatiyang'ana."

Miyezi isanu ndi iwiri. Sabata imeneyo Kachete anali pabedi la chipatala, ndipo anakhala kunyumba miyezi itatu yotsatira.

"A Pulofesa ankasunga mankhwala awo muno?"

"Zaka zonse! Shelefu ya pamwambayi inali yawo, ukaikapo chako umva mawu. Ndiye sabata yomwe ija ndinangoona abwera ndi kabokosi kawo kabuluu. Ndinati bambo, mwayamba kugulitsa mafirizesi? Sanaseke. Iwotu masiku ano saseka. Chiyambire mwana wawo woyamba kukwezedwa ku zikopa kuja, nkhope ili gwa."

"Ku zikopa?"

"Kufakitale. Uja wa chisoti pachithunzi. Ndiye kapitawo woyang'anira madzi oipa omwe amataya. Mwana wabwino, amapereka moni. Kachete amamutcha achimwene, anakulira nyumba imodzi."

Sajeni anagwira chitseko cha firiji n'kutsegula. Mpweya womwe unatuluka unali wozizirira pang'ono, wokwanira kunamiza dzanja. Munali mabotolo a madzi, kontena ya chakudya cha wina, ndipo kumbuyo kwenikweni timabotolo tiwiri ta mwana, tomatidwa kapepala ka tsiku. Mkaka wake unali utalekana, madzi pansi, mafuta pamwamba.

"Ameneyo ndi wa Kachete," anatero mayi Wailesi, mawu atatsika koyamba. "Amafinya mmawa ndi masana, madzulo n'kutenga, kuti apongozi akamwetse mwana mawa lake. Tsiku lomwe munamutenga sanaupitire. Kamwanako n'kodwaladwala, amayi. Kutsegula m'mimba kosatha. Chibwerereni mayi ake kuntchito kagonekedwa katatu."

Sajeni anatseka firiji pang'onopang'ono. Anali ndi ana atatu, onse anawayamwitsa akugwira ntchito.

"Mayi, ndipangireni tiyi. Wotentha kwambiri."

"Shuga angati?"

"Si wakumwa."

* * *

Firiji iliyonse m'labumo inali ndi kawaya koyezera kuzizira, komwe kankatumiza nambala pasikirini ya pakhonde. Sajeni anayamba ndi firiji 13. Anasolola kawaya kake n'kukaviika m'kapu ya tiyi. Nambala inathamanga, 20, 40, 60, ndipo kulira kunabuka kogonthetsa m'khutu. Zitseko zinatseguka, mitu inasuzumira. Mkulu wa labu anatulukira jekete likuuluka.

"Amayi, kodi n'chiyani chimenechi? Izi ndi zipangizo za bungwe!"

"Imani pomwepo, muone."

Anabweza kawayako, kulira kunaleka. Kenako anatsegula firiji 14, n'kuviika kawaya kake m'tiyi yemweyo, nthunzi ikufuka. Anthu onse anayang'ana pasikirini.

Inkati 7.

Anadikira mphindi yathunthu. Inkati 7 basi, ili phee.

"Mayo ine," anatero mayi Wailesi. "Ndiye mkaka wanga unali wabwino!"

Sajeni anayang'ana kumapeto kwa khonde. Chitseko cha a Pulofesa chokha ndicho sichinatseguke. Anaitana wapolisi yemwe anamuyendetsa pagalimoto n'kumuuza kuti aime pachitsekocho, asalole munthu kutuluka kapena kugwira kompyuta. Wotchi inkati 2 koloko yadutsa ndi mphindi khumi.

Tiyi sakanamasula munthu m'chitolokosi. Ankaonetsa kuti bodza lilipo, koma osati mwini wake. Munthu wodziwa kufunsa pulogalamu ili maso anali mmodzi yekha yemwe Sajeni akanamukhulupirira, ndipo munthuyo anali atatseka pakamwa ndi loko. Anaimbira abwana ake.

"Bwana, ndikubwera kudzamutenga. Ola limodzi."

"Mukapanda kumubweza 4 koloko isanakwane, Sajeni, mukwera galimotoyo ndinu."

"Ndamva, bwana."

* * *

Kachete analowa m'labu 3 koloko itadutsa, unyolo uli m'manja, maso ali pansi. Anzake anapatuka ngati akudutsa maliro. Sajeni anamuimika patsogolo pa kompyuta ya pakhonde n'kumumasula.

"Munati anaiwerenga itagona. Nayi, ili maso. Ifunseni."

"Sindikudziwa chomwe mukunena."

"Mukudziwa. Munadziwa tsiku lomwe tinakuonetsani zikalata zija. Kalembedwe ka munthu yemwe anakuphunzitsani simungakasowe."

Chitseko cha kumapeto chinali chitatseguka tsopano, ndipo a Pulofesa anaima pamenepo, wapolisi ali pambali pawo.

"Iwe mwana," anatero iwo mofatsa, "usalankhule kanthu popanda loya. Ndikupezera wabwino. Ine ndilipo."

"Mwamva, a Sajeni," anatero Kachete. "Ndibwezeni."

Wotchi inkati 3:20. Kuchokera pano kukafika kupolisi ndi mphindi makumi awiri, msewu ukakhala wabwino. Sajeni sanakonde chomwe ankati achite, pakuti chinali ngati kumenya munthu pabala. Koma anatsegula firiji, n'kutulutsa timabotolo tiwiri tija, n'kutiika m'manja mwa mwini wake.

"Gwirani. N'tozizira?"

Kachete anatiyang'ana, osamvetsa. Mayi Wailesi anali atabweretsa kale tiyi wina. Sajeni anaviikamo kawaya, n'kuloza sikirini.

"Werengani."

"Seveni."

"Tiyi wowira ameneyu. Tsopano werengani nambala ya pachitseko cha firiji."

Kachete anawerenga. Sajeni anaona nkhope yake ikusintha, chifukwa mutu womwe unaphunzitsidwa bwino suchedwa. Wolemba bodza uja anafuna kuti chitsime 14 chisamapyole malire. Koma munthu wosalemba chinthu kawiri salemba za chitsime chokha. Analemba kamodzi, kuti chilichonse cha nambala 14 chikapyola malire chizibwezedwa pansi pang'ono, ndipo chiyankhulo chosafunsa chiphaso chija chinalandira firiji ngati chitsime.

"Inasiya kulira sabata yomwe munabereka," anatero Sajeni. "Sabata yomweyo munthu wina anachotsamo mankhwala ake n'kugula kabokosi ka ayezi. Sikirini inkati firiji ili bwino. A kusitolo anakhulupirira, abwana anakhulupirira, inu munakhulupirira. Mmodzi yekha sanakhulupirire. Patapita miyezi itatu munabwera n'kuyamba kuika mkaka wa mwana wanu muno, mapazi asanu ndi anayi kuchokera pachitseko chake."

Kachete anaika timabotolo tija patebulo mosamala, ngati muli kanthu kamoyo. Anatembenuka n'kuyang'ana amalume ake. Aka kanali koyamba kuti Sajeni aone maso ake bwinobwino.

"Amalume, munkadziwa?"

"Mwana iwe, zinthu izi n'zovuta, sungazi..."

"Munkadziwa?"

A Pulofesa anavula magalasi. Ulendo uno sanawapukute.

Kachete anakoka mpando n'kukhala. Sanatsegule fayilo yomwe akatswiri aja anawerenga. Analemba mzere umodzi waufupi, n'kulankhula osatembenuka.

"Ndikuifunsa ndime yomwe ikugwira ntchito panopa, yotchedwa yeza, kuti inabadwira kuti. Ikakhala yanga, itchula fayilo yanga ndi mzere wake."

Yankho linabwera nthawi yomweyo. Sajeni sanathe kuliwerenga, koma Kachete anamasulira ndi mawu ouma.

"Ikuti ilibe fayilo. Yabadwa lero 6 koloko mmawa, kompyuta ikudzuka. Yavala dzina la yanga, yanga yakankhidwira kumbuyo." Analembanso. "Mawu ake anawadula tizidutswa n'kuwabisa m'ndandanda wa masiku a tchuthi, momwe palibe amayang'ana. Ndime yobereka zinzake ija imatola tizidutswato n'kutilumikiza. N'chifukwa chake ukafufuza nambala 14 m'pulogalamu supeza kanthu." Analoza pasikirini. "Ndandandawo unasinthidwa komaliza ndi kiyi wa amalume wolowera m'kompyuta. Lachitatu, pa 9, nthawi ya 11 koloko mmawa."

"Munali kuti nthawi imeneyo?"

"Ndinali pa matenda. Mwana anabadwa 1 koloko."

Sajeni anajambula sikiriniyo ndi foni, n'kutumiza kwa abwana ake, kenako anawaimbira. Analankhula mawu ochepa. Mbali inayo kunali kupuma kwamphamvu, kenako funso limodzi lokha, lofuna dzina loti alembe pa mapepala atsopano. Wotchi inkati 3:41.

A Pulofesa anali atakhala pansi pa khonde, msana kukhoma. Ulemu wonse unali utawathawa, anangotsala nkhalamba yodwala shuga.

"Akanamumanga mwana wanga," anatero. "Mapaipi a fakitale anaphulika, eni ake anakana kukonza, dzina losaina linali lake. Anabwera kunyumba akulira. Ndinati miyezi iwiri yokha, akonze, ndichotse. Sindinadziwe kuti anthu amwa mpaka..." Anayang'ana Kachete. "Za firiji ndinaziona mawa lake. Ndikanakonza, ikanayambanso kulira, anthu akanafunsa kuti inasiyiranji. Ndiye ndinati ndidikire. Iwe ukanatuluka, mwana wanga, analibe umboni wokwanira. Ndinakulera ine. Chibale ndi fupa."

Kachete anaimirira. Sanakuwe. Sajeni akanakonda akanakuwa.

"Masiku awiri ndakhala m'chitolokosi ndikudziuza zomwezo. Ndimati amalume alakwa kamodzi chifukwa cha achimwene, ine ndinadya m'nyumba mwawo zaka khumi ndi zisanu, ndisenze. Ngakhale za kamwana ka eni kaja ndinazikankhira kumbali, Mulungu andikhululukire. Mwana wanga atagonekedwa kachitatu munabwera kuchipatala, amalume. Munanyamula malalanje. Munandifunsa kuti kodi madokotala akuti chikumudwalitsa n'chiyani."

"Sindikanatha kukuuza popanda..."

"Simukanandiuza kanthu. Mukanangoti, iwe mwana, bweretsa kuno mkakawo." Analoza m'chipinda, pansi pa tebulo. "M'kabokosi kanu kaja munali malo a mabotolo awiri."

Wapolisi anagwira a Pulofesa pamkono n'kuwadzutsa. Sajeni anatola yekha kabokosi kabuluu kaja, pakuti kundende kulibe ayezi ndipo munthu amafunika kufika m'khoti ali moyo.

"Mwajambula zonse?" anafunsa Kachete.

"Zonse."

"Ndiye ndiloleni."

Anawerama pa kompyuta n'kulemba mzere wina umodzi, wobwezera ndime yake pamalo pake. Kawaya kanali kadakali m'kapu ya tiyi. Pasikirini 7 uja anagwedezeka, n'kudumphira pa 52, ndipo firiji 14 inalira koyamba m'miyezi isanu ndi iwiri, mokweza, mosalekeza.

Mayi Wailesi anasuntha mwachizolowezi kuti akaitontholetse, koma Kachete anawagwira dzanja.

"Isiyeni ilire, mayi," anatero. Anatola timabotolo take tiwiri n'kutsatira Sajeni kugalimoto, kuti akapeze apongozi ake asanachoke pageti.